Mwazulitsa dzino koma bala likuvuta: zoyenera kuchita mpaka lipole

Chifukwa choti ndimagwira ntchito ku dento, pali funso limodzi limene landitopetsa pakamwa: "Adokotala, dzino lija linachoka, nanga bwanji pakupwetekabe?" Anthu amandiimitsa nalo mumsika, pa depoti, potuluka m'tchalitchi. Ena amatumiza chithunzi cha m'kamwa pa WhatsApp pakati pa usiku, chithunzi chake chamdima choti sungaone ngakhale lilime. Sindikuwaimba mlandu. Malangizo timakuuzani pa nthawi yoipa, muli ndi dzanzi, mwaluma thonje, mtima ukugundabe, panja pali mzere wa anthu ogwira masaya. Ndi ochepa amene amafika kunyumba akukumbukira zonse. Ndiye ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Choyamba mvetsani chimene chikuchitika m'kamwamo. Dzino likazulidwa limasiya dzenje m'fupa la nsagwada. M'dzenjemo mumadzaza magazi, ndipo magaziwo amaundana. Magazi oundanawo ndiwo nkhanambo ya balalo: amaphimba fupa ndi mitsempha yake, ndipo mnofu watsopano umamera kudzera mwa iwo. Vuto ndi loti nkhanambo imeneyi ili pamalo onyowa, pomwe lilime, malovu ndi chakudya zimadutsa tsiku lonse, ndiye sichedwa kuchoka. Pafupifupi zonse zimene tikuletsani m'munsimu ndi zoteteza magazi oundanawo.

1. Musanakhale pampando, nenani zonse

Mabala ambiri ovuta amayambira pano. Tikafunsa ngati muli ndi matenda ena, anthu amangoti ayi, poopa kuti tiwabweza dzino lisanachoke. Nenani ngati muli ndi shuga, BP, HIV, matenda a mtima, sickle cell, kapena ngati mukatemeka magazi amachedwa kusiya. Nenani ngati muli oyembekezera. Tchulani mankhwala amene mukumwa, makamaka aspirin wa tsiku ndi tsiku, warfarin (mankhwala ochedwetsa magazi kuundana) ndi mapiritsi olera, ndipo bwerani ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Shuga wokwera amachedwetsa kupola ndipo amaitana mafinya. BP yokwera imachititsa kuti magazi asasiye msanga. Koma musasiye nokha mankhwala aliwonse poti mukukonzekera kuzulitsa. Ma ARV, mankhwala a BP ndi a shuga imwani monga mwa masiku onse. Ngati pali chosintha, akuuzani ndi dokotala.

Idyani musanabwere, chifukwa mukatuluka papita maola musanatafune kanthu. Ndipo ngati dzinolo likukupatsani mpata wosankha tsiku, bwerani Lolemba kapena Lachiwiri m'mawa. Vuto lalikulu la bala la dzino limakonda kubwera tsiku lachitatu. Wozulitsa Lachisanu, tsiku lake lachitatu ndi Lamlungu, pamene zipinda zambiri za mano ndi zotseka.

2. Lumani thonje mphindi 30 mpaka 45, osatsegula pakamwa

Tikati thonje tikunena kansalu koyera kopindapinda kaja, gauze, osati thonje wamba loyoyoka. Likhale pamwamba penipeni pa dzenje, ndipo mulilume ndi mphamvu ndithu. Chimene chimaletsa magazi ndi kupanikizako. Anthu amalakwitsa potsegula pakamwa mphindi zisanu zilizonse kuti aone ngati asiya, polankhula pafoni kuuza abale kuti zatheka, kapena politafuna ngati chingamu. Wakabaza muuzeni kumene mukupita, kaya ndi ku Chibavi kapena ku Zolozolo kuno ku Mzuzu, mano ali olumana, amva. Nthawi ikakwana lichotseni pang'onopang'ono, ndipo musagone nalo m'kamwa.

Malovu ofiirira mpaka mawa lake si vuto. Kadontho kamodzi ka magazi kakasakanikirana ndi malovu odzaza m'kamwa kamaoneka ngati tsoka, pamene ndi kochepa. Mezani malovuwo, sakupwetekani.

Kutuluka magazi kwenikweni ndi kuja koti m'kamwa mukudzaza magazi ofiira psuu mphindi zochepa zilizonse. Zikatero khalani tsonga, osagona. Pindani gauze watsopano, kapena kampango koyera kochapa ndi kusita, mukanyowetse pang'ono ndi madzi aukhondo, muike padzenje, mulume mphindi 30 zathunthu mukuyang'ana wotchi. Ngati muli ndi tea bag ya tiyi wakuda wamba, inyowetseni ndi madzi ozizira, muifinye, muilume m'malo mwa kansaluko. M'masamba a tiyi muli tannin amene amathandiza magazi kuundana. Tishu ndi thonje loyoyoka ayi, zimamatirira pabala ndipo pozichotsa mumachotsa ndi magazi oundana omwe. Mukayesa kawiri osasiya, werengani nambala 8.

3. Maola 24 oyamba, balalo lisiyeni

Musalavule. Musachukuche m'kamwa, ngakhale ndi madzi amchere. Apa ndi pamene anthu aukhondo amadzipwetekera: amafika kunyumba, kukoma kwa magazi kukuwanyansa, n'kutenga kapu kuchukucha mwamphamvu mpaka m'kamwa mwayera. Ayeretsa ndi nkhanambo yomwe. Ngati malovu akukunyansani kwambiri, weramani pang'ono angotsika okha pakansalu.

Musamwere chakumwa pa kapaipi, musayamwe freezes, musayamwe nzimbe. Kukoka kulikonse kwa m'kamwa kumatha kuzula magazi oundanawo. Lilime nalo limafuna kukayendera malo atsopanowo mphindi iliyonse. Liletseni.

Fodya ndiye mdani wamkulu. Kukoka utsi kumasuntha magazi oundana, ndipo nikotini amafinya timitsempha tobweretsa magazi pabala. Siyani kwa maola osachepera 72, mukatha sabata ndiye bwino koposa. Izi zikukhudzanso chingambwe ndi ngirimbo, fodya uja woika pakati pa mlomo ndi nkhama amene wafala kuno kumpoto. Ogwiritsa ntchito ngirimbo tikawafunsa ngati amasuta amati ayi, ndipo sakunama, koma fodya wawoyo amakhala pafupi ndi bala kuposa wa wosuta. Mowa nawo dikirani, kaya ndi wa m'botolo kaya kachasu.

Ndikudziwa kuti mu Juni ndi Julayi, kukamawaza kamvula ka Mzuzu kaja, munthu amalakalaka tiyi wowotcha milomo kapena khofi. Tsiku loyamba imwani zofunda chabe. Zotentha zimatsegula mitsempha, magazi n'kuyambiranso, komanso muli ndi dzanzi simungamve kuti mukupsa. Pa chifukwa chomwecho musathowe tsaya ndi madzi otentha, ndipo musayandikize nkhope pambaula. Chofunika tsiku limeneli ndi chozizira: kulungani freezes kapena botolo la madzi oundana m'kansalu, muike patsaya mphindi 15, muchotse mphindi 15, mubwereze kangapo.

Ntchito yolemetsa ipume tsiku limodzi kapena awiri. Kupalasa kabaza, kusenza matumba, kulima, kuwaza nkhuni, mpira, zonsezi zimathamangitsa magazi. Pogona sanjikizani mapilo awiri kuti mutu ukwere, ndipo yalani kansalu kakale papilo.

Ngati wazulidwa dzino ndi mwana, muyang'anireni mpaka dzanzi litatha, maola awiri mpaka anayi. Ana amatafuna mlomo wadzanziwo poona kuti ukusangalatsa, mawa lake n'kudzuka ndi chilonda chachikulu kuposa cha dzinolo.

4. Mankhwala a ululu

Imwani oyamba dzanzi lisanathe. Kwa munthu wamkulu, Panado wa 500mg ndi mapiritsi awiri maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Brufen ndi 400mg maola 8 aliwonse, mutadya. Awiriwa amaloledwa kumwera limodzi, ndipo pa ululu wa dzino amagwira bwino akathandizana. Brufen asamwe amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, amayi oyembekezera, omwa warfarin, ndi amene mphumu yawo imadzuka akamwa mankhwala amtunduwu. Musaphatikize Brufen ndi Indocid kapena diclofenac, onsewo ndi a banja limodzi ndipo pamodzi amakanda m'mimba. Ana amapatsidwa molingana ndi sikelo yawo, tsatirani zimene akulemberani.

Aspirin musamwe pofuna kuletsa ululu umenewu, amachedwetsa magazi kuundana. Mankhwala ena a mutu ogula pa okala ali ndi aspirin mkati, ndiye werengani kaye papepala. Amene dokotala anawaika pa aspirin wa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mtima, iwo apitirize.

Si aliyense wozulitsa dzino amene amafunika amoxicillin. Ngati sanakupatseni, sikuti akumanani. Ngati akupatsani, malizani monga akulemberani. Ngati pali Flagyl, mowa musaukhudze mpaka patapita masiku awiri mutamaliza, apo ayi musanza mpaka kudandaula kubadwa.

5. Chakudya

Dikirani dzanzi lithe. Masiku awiri kapena atatu oyamba idyani zofewa: phala lozizirako, nthochi yakupsa, peyala, mazira, mbatata kapena mbatatesi yophwanya, maungu, chambiko, thobwa kapena chindongwa chomwera pakapu. Nsima yofewa ndi msuzi mutha kuyamba tsiku lachiwiri, mbamu zing'onozing'ono, kutafunira mbali inayo. Kondowole amamata, mudikireni masiku angapo. Mpunga, ngakhale utakhala Kilombero wonunkhira bwanji, njere zake zimakonda kukagona m'dzenjemo. Usipa wouma ndi bonya zili ndi timinga tolasa. Chimanga chootcha, mtedza wokazinga, chipisi chouma, kanyenya ndi tsabola, zonsezi zidikire sabata.

Koma idyani ndithu. Ena amangomwa madzi masiku atatu poopa bala, n'kumamwa Brufen m'mimba muli mbee. Thupi lanjala silipoletsa chilonda, ndipo wa shuga akamamwa mankhwala osadya akhoza kukomoka.

6. Maola 24 akatha, yambani kutsuka

Lamulo la dzulo latembenuka, ndipo apa anthu amasokonezeka. Dzulo tinati osachukucha. Kuyambira lero m'kamwa muzitsukidwa, chifukwa zotsalira za chakudya zikawolera m'dzenje zimabweretsa fungo ndi tizilombo.

Tengani kapu ya madzi owiritsa amene azizira mpaka kufunda, musungunulemo theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Mwerani pang'ono, mupendeketse mutu kuti madziwo akakhale pabala, muwasunge masekondi 30, mugwedeze mutu pang'onopang'ono uku ndi uku, kenako mutsegule pakamwa atsike okha. Osawathamangitsa ndi masaya, osawalavula mwamphamvu. Chitani zimenezi mukatha kudya ndiponso pogona, katatu kapena kanayi patsiku, kwa sabata. Mchere wambiri suchiritsa msanga, umangowotcha mnofu wanthete. Ngati anakupatsani chlorhexidine, mankhwala amadzi otsukira m'kamwa, mugwiritseni ntchito mofatsa chimodzimodzi.

Mano enawo tsukani ndi mswachi monga mwa nthawi zonse, kungozemba dzenjelo masiku oyamba. Kusiyiratu kutsuka mano sabata yathunthu ndi kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri. Kanthu kakalowa m'dzenje, kachotseni ndi madzi amcherewo. Chitsotso, machesi, pini kapena chikhadabo zisafikeko.

7. Tsiku lachitatu mpaka lachisanu: kudziwa ngati bala likupola kapena lasokonekera

Apa ndikhalitsa, chifukwa timapepala ta malangizo timathera pa madzi amchere, pamene mafunso onse amabwera masiku amenewa.

Anthu amathamangira galasi ndi tochi ya foni. Kuyang'ana sikoletsedwa, bola musambe m'manja, musakoke tsaya mwamphamvu, musagwirepo. Koma maso amanamiza. Chimene chimanena zoona ndi kayendedwe ka ululu. M'mawa uliwonse dzifunseni mafunso atatu. Kodi lero pakupweteka pang'ono kuyerekeza ndi dzulo? Kodi ndikamwa mankhwala akugwira maola angapo? Kodi ululuwo uli pamalo amodzi, kapena wayamba kuyenda? Mayankho ake akuikani m'gulu limodzi mwa atatu awa.

Gulu loyamba ndi bala limene likupola bwino, ngakhale likuoneka moopsa. Ululu unali waukulu usiku woyamba ndi tsiku lachiwiri, tsopano ukutsika. Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako kumayamba kuphwa, ndiye musadabwe kudzuka tsiku lachiwiri tsaya litakula kuposa dzulo. Nsagwada imalimba pang'ono, makamaka ngati linali dzino lakumapeto. Khungu la patsaya litha kuda kapena kuchita chikasu. Ndipo m'dzenjemo mumaoneka zoyera kapena zachikasu, zonyowa, zomatirira. Zimenezi ndi zimene zimadzaza foni yanga ndi zithunzi. Si mafinya, si nsima yotsalira. Ndi mnofu watsopano ukuyamba kuluka. Ambiri amazikanda ndi mswachi kapena chitsotso poganiza kuti akuchotsa zoipa, n'kudzibweretsera okha vuto la gulu lachiwiri. Ngati ululu ukutsika, zoyerazo zisiyeni.

Gulu lachiwiri ndi chimene madokotala amachitcha dry socket, kutanthauza kuti magazi oundana aja achoka kapena asungunuka nthawi isanakwane, fupa latsala pamtunda. Chizindikiro chake chachikulu ndi ichi: munayamba kupezako bwino, kenako pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu ululu wabwerera, woposa umene munali nawo dzino lisanachoke. Ndi ululu wogunda, wosagonetsa, umene umakwera kukhutu, kudiso ndi m'mutu mbali yomweyo, nthawi zina kutsikira m'khosi. Panado amangodutsa. Mpweya wozizira kapena madzi zikakhudza pamalopo mumadumpha. M'kamwa mumanunkha ndipo mumamveka kukoma koipa, moti a m'nyumba amayamba kukhala patali. Mukayang'ana, dzenje limaoneka lopanda kanthu, mwina pansi pake pakuoneka fupa lotuwa. Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri thupi silitentha ndipo tsaya silitupa kwambiri. Munthu amaoneka wabwinobwino koma akulira.

Pa anthu 100 ozulitsa dzino wamba, zimagwera awiri mpaka asanu. Zimachuluka kwambiri pa mano akumapeto a m'munsi, makamaka lomaliza lija lomera munthu atakula, likakhala kuti linagona m'fupa ndipo linavuta kutuluka. Osuta fodya, amayi omwa mapiritsi olera, ndi amene dzino lawo linali kale ndi mafinya ali pachiopsezo chachikulu. Nthawi zina zimachitika ngakhale munthu watsatira zonse, ndiye musadzione olakwa mpaka kuopa kubwerera.

Anthu a gulu limeneli amabwera ndi maganizo atatu olakwika. Ena amati tinazula dzino lolakwika. Ena amati loyandikana nalo ndilo likupweteka, tilichotsenso, ndipo amaumirira zedi chifukwa ululuwo umamvekadi ngati uli m'mano onse a mbali imeneyo. Musalole kutaya dzino labwino sabata imeneyi. Enanso amapita ku famase kukagula amoxicillin, n'kutha masiku atatu akudikira kuti agwire. Dry socket si matenda oti makapisozi angawathetse. Vuto ndi fupa losaphimbidwa, ndipo chofunika ndi kuliphimba.

Bwererani kumene munazulitsa, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Tidzatsuka dzenjelo ndi madzi amchere a m'sirinji kuchotsa zotsalira, kenako tidzaikamo kamankhwala konunkhira ngati ma clove. Sitizulanso kanthu. Nthawi zambiri ululu umatsika musanafike n'komwe kunyumba. Kamankhwalako mwina kadzafunika kusintha pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, ndiye funsani ngati kali kosungunuka kokha kapena kofunika kudzachotsa. Balalo limachedwerako kupola, ululu wake umatha pakati pa masiku 7 ndi 10, nthawi zina masabata awiri, koma limapola.

Mukafika musangoti dzino likupweteka, chifukwa mudzaikidwa pamzere wa ozulitsa. Nenani kuti munazulitsa tsiku lakuti, dzino lakuti, munayamba kupeza bwino, ululu wabwerera tsiku lakuti, mwamwa zakutizakuti. Ngati munasuta kapena munachukucha, nenani. Mwina tikuyang'anani ndi diso, koma tikuthandizani msanga.

Nanga zikakugwerani Loweruka usiku? Imwani Panado ndi Brufen pa milingo ya mu nambala 4, ngati Brufen amakuyanjani, osawonjezera. Sungani madzi amchere ofunda pabala mofatsa. Pewani zozizira kwambiri m'kamwa. Ndipo musaike kanthu m'dzenjemo. Ndaona m'kamwa moikidwa aspirin wophwanya, mchere wouma, soda, adyo, Colgate, fodya, kachasu, spirit, mpaka petulo, brake fluid ndi madzi a batire. Amene amakulangizani zimenezi amati ululu umatha, ndipo nthawi zina umathadi kwa kanthawi chifukwa mnofu wapsa. Mawa lake timalandira bala la dzino ndi bala lamoto pamodzi. Aspirin ndi asidi, akakhala pankhama amasiya chigamba choyera chosupuka.

Gulu lachitatu ndi bala limene lalowa tizilombo. Kusiyana kwake ndi dry socket kuli pa kutupa ndi kutentha thupi. Tsiku lachitatu ladutsa koma tsaya likukulirakulira, ndi lotentha, lolimba, lonyezimira. Pabala pakutuluka mafinya enieni, oyenderera, amene mumawamva kukoma mukapanikiza tsaya. Thupi likutentha, mukunjenjemera, mwatuluka mwanabere pansi pa chibwano. Pakamwa pakunka patsekeka. Yesani ndi zala: munthu wabwinobwino amalowetsa zala zitatu zoimika pakati pa mano akutsogolo. Ngati dzulo zimalowa ziwiri lero chikulowa chimodzi, musadikire mawa. Apa ndiye pofunika maantibayotiki, olembedwa ndi amene wakuonani, kawirikawiri amoxicillin ndi Flagyl, ndipo nthawi zina mafinya amayenera kutulutsidwa kaye kuti mankhwala agwire. Chotupa choterechi musachithowe ndi madzi otentha.

Kuno thupi likatentha aliyense amati malungo. Kayezetseni ndithu, koma muwauze kuti munazulitsa dzino masiku apitawa, ndipo musamwe LA musanayezedwe n'kumadikira kuti tsaya liphwa. A shuga ndi amene chitetezo chawo chili chotsika asachedwe n'komwe, kwa iwo zimathamanga.

8. Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Pitani ku casualty, kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala, nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku, ngati kutupa kwatsikira pansi pa chibwano kapena m'khosi ndipo ndi kolimba, lilime likukankhidwira m'mwamba, mukulephera kumeza malovu, mawu asintha, kapena kupuma kukuvuta. Matenda amenewa amatchedwa Ludwig's angina, amatseka njira ya mpweya ndipo amatha kupha m'maola ochepa. Chimodzimodzi ngati kutupa kwakwera mpaka kutseka diso, ngati magazi sakusiya mutaluma kansalu kawiri mphindi 30, ngati mukuchita chizungulire chifukwa cha magaziwo, kapena ngati mwamwa mankhwala n'kutuluka zidzolo, milomo n'kutupa.

Muli mu Mzuzu, pitani ku Mzuzu Central Hospital. Muli ku Ekwendeni, Nkhata Bay, Rumphi kapena Mzimba, yambani pachipatala chimene chili pafupi, iwo akutumizani ngati pakufunika kutero. Musayende nokha, ndipo wovutika kupuma ayende atakhala tsonga, osamugoneka chagada.

9. Zina zimene zimadabwitsa anthu m'masabata otsatira

Mizu ya mano akumbuyo a m'mwamba imayandikana ndi mphako ya mpweya imene ili m'fupa la tsaya, yolumikizana ndi mphuno. Nthawi zina dzino likachoka pamatsala kabowo. Mudzadziwa chifukwa madzi amene mwamwa amatulukira m'mphuno, kapena mpweya umadutsa pabala. Kabowo kakang'ono kamatha kutsekeka kokha, kakakulu kamafunika kusoka, ndiye kaonetseni msanga. Pakadali pano musamine, musauzire moto, ndipo poyetsemula tsegulani pakamwa. Zoti kuzula dzino la m'mwamba kumawononga maso, zimenezo ndi nkhambakamwa chabe.

Dzanzi la jakisoni limatha tsiku lomwelo. Ngati mawa lake mlomo wa m'munsi, chibwano kapena mbali ya lilime zikadali zadzanzi, mtsempha unakhudzidwa. Kawirikawiri umabwerera pakapita masabata kapena miyezi, koma kanene msanga kuti zilembedwe ndi kutsatiridwa.

Ulusi wosokera ulipo wosungunuka wokha ndi wofunika kuchotsa pakatha masiku 7. Funsani musanatuluke kuti wanu ndi uti, ndipo musaudule nokha ndi lezala.

Pakapita masabata awiri kapena kuposerapo mutha kumva kanthu kakuthwa kakubaya lilime pamalopo. Anthu amathamanga n'kumati tinasiya chidutswa cha dzino. Nthawi zambiri ndi kachidutswa ka fupa kamene thupi likukankhira kunja. Kamatha kugwa kokha, kakavuta timakachotsa mosachedwa. Muzu wotsalira umachitikanso, sindingakane, ndipo umaoneka pa X-ray. Zizindikiro zake ndi bala limene limatupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa, kapena kachithupsa kotuluka mafinya pankhama.

Za nthawi: nkhama zimayamba kukumana pakatha sabata imodzi kapena awiri, dzenje limadzaza mnofu pakatha masabata atatu kapena anayi, koma fupa la pansi limatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Kadzenje kosapweteka kamene kakucheperachepera si vuto, muzingokatsuka mukadya. Koma bala limene latha mwezi lili chitsegukire, likutuluka magazi mukangolikhudza, m'mbali mwake mwalimba kapena mwamera mnofu wachilendo, limenelo lisathere pa madzi amchere. Litha kukhala shuga amene simukumudziwa, fupa lodwala, ndipo mwa apo ndi apo khansa ya m'kamwa imene inagwedeza dzinolo poyamba, makamaka kwa ogwiritsa ntchito fodya ndi mowa kwa zaka zambiri. Pemphani X-ray ndi kuyezedwa shuga, ndipo ngati kumene munazulitsa kulibe zipangizo, akulembereni kalata yopita ku Central.